Kansomba kamene kanaimitsa mapampu ku Nevada

Ambiri akamva za akasupe a madzi otentha amaganiza zokasamba. Ine maganizo anga amathamangira ku Devils Hole, phanga lodzaza madzi m'chipululu cha Nevada ku America, kufupi ndi Death Valley. Madzi ake amafunda pafupifupi madigiri 33 chaka chonse, mpweya wake ndi wochepa. Komatu m'menemo mumakhala kansomba kotchedwa pupfish, kakang'ono ngati matemba, ka mtundu womwe mwachilengedwe supezeka kwina kulikonse.

Moyo wake wonse wagona pa mwala umodzi wafulati womwe madzi amangoukuta pang'ono. Pamenepo m'pomwe pamamera ndere zomwe kamadya, m'pomwenso kamaikira mazira. Madzi akangotsika, mwalawo uli poyera, kansombako katha.

Izi zinayamba kuchitika alimi a ng'ombe oyandikana ndi phangalo atakumba zitsime n'kumapopa madzi apansi. Nkhani inakafika kukhoti lalikulu la dzikolo, lomwe mu 1976 linagamula kuti kupopako kuchepe. Alimi anakwiya, ndipo sindikuwanena. Kuchipululu madzi ndi ndalama. Kungoti iwo akanatha kukumba kwina, pamene kansombaka kalibe kothawira.

Ngakhale zinatero, mu 2013 akatswiri atamira kukawerenga anapeza nsomba 35 zokha.