Jezi ya amalume yatuluka m'sutukesi

Zaka zitatu zapitazo, mukadatsika minibasi pa Bwanje n'kufunsa komwe kuli ochemerera Silver Strikers, anyamata a pa siteji akadakulozerani khonde la golosale ina m'mbali mwa msewu wa M5, pomwe amalume anga amapalasa makina awo osokera. Akadakuuzaninso, mano ali pamtunda, kuti mukawapeza iwowo ndiye kuti mwawapeza onse. Nthabwala yomwe idamera mizu pamalopa inkati masapota a Silver a m'Bwanje monse atha kukwera njinga imodzi ya kabaza, malo n'kutsalako a thumba la chimanga.

Kuno mpira uli ndi mbumba ziwiri. Umabadwa n'kupeza atate ako ali Maule kapena Manoma, iwe n'kungolowa momwemo ngati mpingo wa makolo. Kuchokera ku Bilila mpaka ku Kasinje, mukamva phokoso m'nyumba ya vidiyo kapena pa chiwaya cha tchipisi, dziwani kuti ofiira a Bullets akulimbana ndi Nyerere za Wanderers za pa Lali Lubani. Amalume adapatuka ali mnyamata. Ankasoka ku Lilongwe akukhala ku Mtandire, ndipo Loweruka masana ankangoyenda wapansi kukalowa pa Silver Stadium ku Area 47. Atabwerera kumudzi adabwera ndi zinthu zitatu: makina osokera, wailesi, ndi jezi ya buluu wowala ngati thambo la m'chilimwe. Ine mpira ndidaudziwira pa khondelo, ndikuwatolera zigamba, choncho timu yawo idakhalanso yanga.

Masiku amenewo jeziyo inkavalidwa monyada. Pakati pa 2008 ndi 2013 timu ya Reserve Bank inkatenga ligi mobwerezabwereza, ndipo amalume ankayankhula ngati mwini dimba la m'mphepete mwa mtsinje. Kenaka chitsime chidaphwa. Mu 2014 ndi 2015 ligi idapita kwa Bullets, mu 2016 asilikali a Kamuzu Barracks adadzidzimutsa dziko, mu 2017 Manoma adavina. Chaka china mkati mwa zowawazi amalume adaichapa jezi ija, kuisita, kuipinda, n'kuiika pansi penipeni pa sutukesi, pamodzi ndi mtchatho wa ukwati ndi makadi a ana a kusikelo. Adalumbira pamaso pa akazi awo kuti sadzaivalanso kufikira ligi itabwerera ku Area 47.

Sikuti timuyo idafa ayi. Mu 2017 idatenga chikho choyamba cha Airtel Top 8 itagonjetsa Wanderers pa mapenate. Mu 2019 idachitenganso itaswa Karonga United. Mu 2021 idayamba ndiyo kunyamula chikho cha FDH Bank, Ekwendeni Hammers italephera kuitchinga. Nthawi zonsezi akazi awo ankati, “Bambo, tulutsaniko malaya aja, njenjete zingakudyereni.” Iwo ankangopukusa mutu, phazi lili pa chopalasira. “Chikho ndi ndiwo, mayi. Ligi ndiye nsima. Munthu sanena kuti wadya atangonyambita ndiwo.”

Zaka zomwe zidapweteka zedi ndi za Kalisto Pasuwa. Mphunzitsi wa ku Zimbabwe uyu adasandutsa Bullets chigayo chosazima. Kuyambira 2018 mpaka 2023 ligi idakhala ku Blantyre kasanu kotsatizana, ndipo mu 2023 Maule adasesa zonse zinayi: ligi, FDH, Airtel ndi Castel. Silver, pansi pa Pieter de Jongh wa ku Netherlands, idathera pachiwiri, kungonunkhiza fungo la mphika wa eni. Lolemba lililonse khonde la amalume linkasanduka bwalo la milandu. Alamu awo, Maule weniweni amene amagulitsa kanyenya patsidya pa msewu, ankaoloka ndi buluku long'ambika ngati chifukwa chabe.

“Alamu, tandisokereni apa. Nanga kubanki kuja zikuyenda? Ndamva ndalama zilipo zambiri, koma chigoli sagula pa kauntala.”

Wometa wa pafupi, Nyerere yosabisa, ankaponyaponso lake. Ngakhale ana a sukulu podutsa ankafuula kuti “Atelala, banki yatseka!” n'kuthawa. Amalume sankabweza. Ankachepetsa wailesi, kuiika pansi pa tebulo la makina, n'kumamvera mpira ngati munthu womvera uthenga wa maliro. Benchi ya makasitomala inkakhala yopanda munthu Silver ikamasewera. Ndidawaonapo tsiku lina akusoka diresi la mwana wa sukulu mzere umodzi katatu, kusoka n'kusomola, kusoka n'kusomola, chifukwa timu idagoletsetsa mphindi zomaliza. Atandiona adangoti, “Mphwanga, sunga khosi, mkanda woyera udzavala.”

Mkandawo udabwera mu 2024, ndipo woubweretsa adali munthu amene Maule amamutcha wawo. Peter Mponda, Mjojo, yemwe adatchinga kumbuyo kwa Bullets, adasewera ku South Africa, natsogolera Flames ku Angola mu 2010 pomwe Malawi idakwapula Algeria 3-0, ndiye adapatsidwa timu ya Silver. Adali ataphunzira ntchito pambali pa Pasuwa yemweyo. Pakati pa bwalo padali Chimwemwe Idana, nayenso wochokera ku Bullets, akugawa mipira ngati mayi wogawa nsima pa chinkhoswe. Kutsogolo Binwell Katinji, pagolo George Chikooka. Masabata oyamba alamu aja ankati ndi moto wa mapesi. Mwezi udatha, wina udatha, Silver ili pamwamba. Adasintha nyimbo n'kumati dikirani chigawo chachiwiri, mabwana a kubanki sapirira dzuwa. Chigawo chachiwiri chidafika, dzuwa la m'chigwa chathu lidaswa mtengo, anthu adasosa minda n'kuunga mizere, Silver ili pomwepo.

Chomwe ndidasangalala nacho kwambiri ndi ulendo wa wailesi ija. Idachoka pansi pa tebulo n'kukwera pa tebulo. Kenaka idapachikidwa pa msomali wa mzati wa khonde. Pofika Okutobala amalume adali atagula mabatire atsopano n'kuikweza mpaka ogula tomato patsidya ankamva. Ndipo anthu adayamba kutuluka ngati inswa mvula yoyamba ikagwa. Mphunzitsi wina wa kupulayimale, amene tinkamuyesa wosakonda mpira, adabwera n'kunong'ona kuti iye ndi wa Silver chibadwire, ankangoopa pakamwa pa anthu. Kudabwera mlangizi wa zaulimi, kudabwera mayi wogulitsa zitumbuwa amene adakulira ku Area 25, kudabwera anyamata awiri a kabaza omwewo. Benchi idachepa, adabwereka ina ku tiyirumu.

Tsiku lomwe zidatsimikizika kuti palibenso angaipeze Silver, amalume sadakuwe. Adaimitsa makina, kuphimba ndi nsalu, n'kulowera kunyumba osalankhula ndi munthu. Tidayesa mwina thupi lavuta. Patapita kanthawi tidangoona akutulukira kuseri kwa chigayo, atavala jezi ija. Idali itathina pamimba, mizere ya mopinda ikuonekera ngati malire a minda, fungo la sutukesi lili guu, koma adayenda pakati pa msika ngati mkwati. Amayi a pa tomato adaimba nthungululu. Mayi wa zitumbuwa adavula chitenje chapamwamba n'kuyala pansi kuti apondepo. Pamenepo Mngoni adadzuka mwa amalume: adatola rula yawo yoyezera nsalu ngati chibonga, chivundikiro cha ndowa ngati chishango, n'kuponda ngoma pafumbi mpaka minibasi ya ku Salima idaima kuti okwera aonerere. Zaka 11 zidatuluka m'miyendo tsiku limenelo. Ligi idatha Silver ili pamwamba, Wanderers pachiwiri, Bullets pachitatu, ndipo ndondomeko imeneyi amalume adailemba ndi choko chosokera pakhoma la golosale, pomwe idakhala mpaka mvula idaifufuta.

Alamu aja adaoloka msewu madzulo ake atanyamula kanyenya m'pepala. Adagwada pang'ono mwaulemu wa kwathu, naomba m'manja.

“Wawa alamu, ndabwera kudzapepesa. Komatu musaiwale, mphunzitsiyo ndi mwana wathu. Tidangokubwerekani.”

“Zikomo alamu. Khasu lobwereka nalonso limalima. Chimanga chili m'nkhokwe mwanga.”

Kunena zoona, mawu a alamuwo adali ndi fupa. Chaka cha 2025 chisadayambe bwino, Pasuwa adapita kukaphunzitsa Flames ndipo Mponda adabwerera ku Bullets. Pa Bwanje adati basi, mwini khasu walanda, jezi ibwerere m'sutukesi. Koma ku Area 47 kudatsala Peter wina, Mgangira, amene adasewerapo pakati pa timu yomweyi ndi Flames, munthu wodziwa fungo la nyumbayo. Iye ndiye adatenga timu kulowa nayo mu mpikisano wa akatswiri a mu Africa, CAF Champions League. Ndime yoyamba adatulutsa Elgeco Plus ya ku Madagascar. Yotsatira idawagwetsera m'kamwa mwa Young Africans ya ku Tanzania, Yanga, timu yomwe idayamba mu 1935, yomwe idali itatenga ligi ya kwawo zaka zinayi zotsatizana, yomwe idafika mu fainolo ya Confederation Cup mu 2023, ndipo chaka chotsatira Mamelodi Sundowns idachita kuitulutsa pa mapenate. Wometa uja adati tikangochepetsako zigoli, tithokoze Mulungu.

Amalume adali asadalowepo m'bwalo la Bingu chilitsegulireni mu 2017. Sabata yatha adasoka mayunifolomu usiku ndi nyali kuti apeze ya thiransipoti yokaonera Silver ndi Yanga kumeneko. Loweruka m'bandakucha adakwera galimoto mpaka pa Golomoti, kukwera mapiri a Khwekhwerere, kudutsa pa Dedza, jezi ili pathupi, mpunga wa m'kontena uli pamiyendo. Ife tidatsala pa khonde, anthu oposa amene ndidawaonapo pamenepo, ena atakhala pa njinga, ena pa matumba a makala. Chigawo choyamba chidatha opanda chigoli. Chachiwiri chili mkati, wolengeza adakuwa mpaka sipika idalira, ndipo khonde lonse lidanyamuka. Ofiira adalumpha, Nyerere zidalumpha, alamu aja adagubuduza benchi. Silver 1, Yanga 0. Mpira usadazizire tidamva kuti a Yanga amuchotsa ntchito mphunzitsi wawo.

Ndikamaganiza za chaka chonsechi, chimene chimandikoma mtima koposa ndi kulumpha kwa alamuwo. Munthu amene kwa zaka khumi ankaoloka msewu kudzatonza, Loweruka lija adakumbatira mayi wa zitumbuwa akufuula kuti “Tawaswa!” Palibe adamufunsa kuti inu ndi ndani mu “ta” ameneyu.

Amalume adafika Lamulungu masana, mawu atasasa, ndipo adachita kunyamulidwa kuchoka pa siteji. Chiyambire Lolemba sadasoke kanthu kooneka. Aliyense akufuna amve za bwalo, za udzu wake, za mmene chigoli chidalowera, ndipo nkhaniyo akuifotokoza ataimirira, tepi ili m'khosi, akusonyeza ndi phazi. Anyamata a timu ya m'mudzi mwathu abweretsa nsalu ya buluu wowala kuti awasokere makabudula. Ana a sukulu aja tsopano podutsa akumati, “Atelala, banki yatsegula!” iwo n'kumayankha kuti bwerani mudzatape.

Pomwe ndikulemba izi, mu Okutobala 2025, mkangano womwe ulipo ndi wa masewero obwereza a Loweruka likubwerali, pomwe Silver ikalowe m'bwalo la Benjamin Mkapa ku Dar es Salaam. Khonde lagawikana, koma mogawikana mwatsopano. Mphunzitsi wa kupulayimale akuti tikatseke pakhomo, Nickson Mwase ndi Maxwell Paipi aime ngati zipupa kutsogolo kwa Chikooka, mphindi 90 zithe. Amalume akukana. Akuti ukabisala m'nyumba fisi amakumba pansi pa chitseko. Bola kukamwetsa chimodzi msanga. Atenga choko n'kuwerengera pa tebulo la makina: tikagoletsa chimodzi kwawoko, chigoli cha kubwalo la eni chili ndi mphamvu, ndiye kuti Yanga ifunika zitatu. Wometa akuti bwalo limenelo likadzaza munthu sumva ngakhale wezulo. Mlangizi akuti phokoso silimenya mpira.

Alamu nawo ali ndi mfundo yawo imene saisiya. Akukumbutsa aliyense kuti timu ya Malawi yokhayo yomwe idafikapo m'magulu a mpikisanowu ndi Bullets, mu 2004, ikutchedwa Bakili Bullets, mphunzitsi ali Kinnah Phiri. Akunena zoona, ndipo amalume savuta nazo. “N'chifukwa chake tikupita, alamu. Mwakhala nokha kumeneko zaka 21. Mukufunika anzanu.”

Dzulo madzulo ndidawapeza akulemba mayina kuseri kwa katoni ya sopo. Ndi a anthu omwe asonkha kuti Loweruka pakhale batire ya sola yodzaza, thobwa ndowa ziwiri, ndi mbuzi yomwe alamu alonjeza kuotcha pamtengo wachibale. Mabenchi abwereka anayi. Ndidawerenga mayinawo mpaka m'munsi, n'kutembenuza katoni, kuseri kulinso ena. Mnyamata wa kabaza amene adayambitsa nthabwala ija adali pomwepo akudikira kulembetsa, ndipo amalume adamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Iwe, paja unkati tonse tikwana pa njinga yako. Tabwera nayo tiyese.”

Mnyamatayo adayang'ana katoni, adayang'ana anthu ali pa khonde, n'kukanda m'mutu.

“Madala, apa ndiye pafunika lole ya thonje.”

Jezi ija yachapidwa kale. Ili pa chingwe kuseri kwa nyumba, ndipo akazi awo aifutukula m'mbali ndi kansalu kofanana nayo kuti isathinenso pamimba.