Mkanjo wa Samueli: Kulera Mwana Molingana ndi Msinkhu Wake

 Lero tikambe za ana athu.

Mu 1 Samueli mutu 2 timamva kuti Hana, atamusiya Samueli kunyumba ya Mulungu ku Silo, ankamusokera kamkanjo chaka chilichonse. Bwanji sanasoke kamodzi basi? Chifukwa mwana amakula! Mkanjo wa chaka chatha chaka chino wathina. Kulera nakonso n'chimodzimodzi. Ambirife vuto lathu n'lakuti mwana wafika Fomu 2, koma tikumuvekabe kaleredwe ka mwana wa ku mkaka. Mukundimva, abale?

Tiyambe ndi khanda. Mkanjo wake ndi bere ndi chifungatiro. Miyezi 6 yoyambirira mwana ayamwe bere lokha, osampatsa madzi kapena phala. Ikatha miyeziyo yambani kumpatsa phala lothira nsinjiro kapena dzira, uku akuyamwabe mpaka zaka 2 ngakhale kupitirira. Kusikelo osajomba, katemera amalize, ndipo azigona m'neti. Thupi likatentha usiku, pempherani, inde, koma muzipemphera muli pa njira ya kuchipatala. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana ayi. Inu abambo, kunyamula mwana sikuchotsa ulemu. Mnyamuleni adziwe mawu anu.

Akayamba kuyenda ndi kuyankhula, mkanjo usinthe. Uwu ndi msinkhu wa mafunso. Mukamangoti “khala chete iwe”, adzakhaladi chete, mpaka tsiku limene mudzafune kuti ayankhule. Akakwana zaka 6 apite ku Sitandade 1. Pajatu kuyambira 1994 ku pulayimale ya boma kulibe fizi. Madzulo tsegulani kope lake. Ngakhale simudziwa kuwerenga, muuzeni akuwerengereni yekha. Akalakwa mudzudzuleni, mumuuze chimene walakwa, koma dikirani mkwiyo uphwe. Pakamwa pomwe mwaimbira Aleluya m'mawa pasatuluke “galu iwe” masana. M'mera mpoyamba.

Tsono tafika pa anyamata ndi atsikana. Apa ndodo ndi kukalipa zathina. Mkanjo wake ndi khutu. Mayi, muuzeni mwana wanu za msambo usanamufikire, asakamvere kwa anzake kumjigo. Bambo, pitani ndi mnyamata kudimba, muzicheza uku mukuthirira. Dziwani anzake, dziwani zimene akuonera kuvidiyo. Mtsikana akakupemphani sopo ndi mafuta, musamuyankhe kuti “wakula, uzidzionera wekha”. Mawu amenewo amtumiza kwa mwamuna amene adzagula sopoyo n'kufuna malipiro. Akabwera ndi foni yomwe simunagule ndinu, funsani tsiku lomwelo, modekha.

Ndipo dziwani kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Kumukwatiwitsa ndi mlandu. Ngati watenga mimba, musamuthamangitsire kubanja. Akabereka, sukulu imamulandiranso. Wina akamuchita nkhanza, musabise poopa manyazi: kaneneni kupolisi kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

M'mutu womwewo muli Eli, wansembe. Zoipa za ana ake ankazimvera kwa anthu, ndipo pomwe ankawadzudzula n'kuti madzi atafika kale m'khosi. Munthu wa kuguwa, koma kunyumba kwake kukupsa! Inu akulu a mpingo, inu amayi a mapemphero a usiku, nkhaniyi ndi yathu.

Ndikusiyireni ntchito. Usiku uno, nsima ikatha, itanani mwana aliyense payekha, mumufunse kuti, “Mwanawe, chikukuvuta n'chiyani masiku ano?” Musamudule mawu. Mukatero mwamuyeza msinkhu, mwadziwa mkanjo woti musoke. Kenako musanjikeni manja, mumudalitse pomutchula dzina.

Atate, tipatseni maso oona pamene ana athu afika, m'dzina la Yesu. Amen.