Chitseko chopindika ku Lunho: kwa a seguro kapena kwa bate-chapa?

Mtengo wa mango sunasunthe. Unali pomwe wakhala uli zaka zonsezi, kuseri kwa nyumba ya alamu anga ku Lunho, ndipo chomwe chinayenda ndi galimoto. Kunali kusanache bwino, Hilux itasenza matumba a usipa wouma opita ku Lichinga, galasi lakumbuyo litatsekeka ndi katundu. Alamu anabwerera chammbuyo monga amachitira nthawi zonse, koma tsikulo anapotoza chiwongolero msanga. Chitseko chakumbuyo chinapindika, nyali yakumanzere inasweka, mudigadi inakhwinyata ngati pepala lokhalitsa m'thumba. Panalibe wovulala, panalibe galimoto ina, panalibe ngakhale mbuzi yoti aiimbe mlandu.

Atandiimbira foni madzulo ake, funso lawo linali limodzi: "Alamu, kodi ndiwauze a seguro andikonzere, kapena ndingopita nayo kwa bate-chapa ku Metangula ndimalize ndi thumba langa?"

Eni magalimoto ambiri a m'boma la Lago funsoli siliwafika n'komwe. Lamulo la Mozambique la chaka cha 2003 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi (seguro) yoteteza anthu ena, imene kuno timaitcha contra terceiros, ndipo ambiri amalekezera pomwepo chifukwa ndiyo imene apolisi apamsewu amafunsa. Pepala limenelo limalipira zimene mwawonongera ena. Mukagunda mpanda wa mnansi, mpandawo ndi nkhani ya kampani, koma bampala yanu ndi nkhani yanu. N'chimodzimodzinso kwa amalonda ochokera ku Malawi amene amalowera pa Chiponde n'kugula pepala pa Mandimba, poti Mozambique inatuluka mu COMESA mu 1997 ndipo khadi lachikasu la inshuwalansi la COMESA siligwira ntchito kuno. Alamu ali m'gulu lina. Galimoto yawo anaigula pa ngongole, ndipo banki inawauza kuti aidulire inshuwalansi yophimba ngakhale zowonongeka za galimoto yawo yomwe. Chaka ndi chaka amalipira ndalama zambiri, ndipo mtima wawo unkawauza kuti nthawi yodyerera yakwana.

Mtima umenewo ndimaumvetsa. Koma tiyeni tiyende nayo njira ya kampaniyo mpaka kumapeto. Choyamba mumalemba kalata yodziwitsa za ngozi, ndipo masiku ochitira zimenezi ndi owerengeka, olembedwa m'pangano lanu. Kenaka galimoto iyenera kuonedwa ndi perito, katswiri amene kampani imatuma kudzayeza kukula kwa zowonongeka. Pamafunikanso mitengo yolembedwa kuchokera ku galaja imene kampaniyo imaivomereza. Zonse zikagwirizana m'pamene ntchito imayamba, ndipo ikatha simutenga galimoto musanalipire gawo lanu, lija amati franquia. Abale athu a tsidya la nyanja, ku Nkhotakota ndi ku Salima, amalidziwa ndi dzina loti excess.

Franquia imeneyi ambiri amaiona ngati kuba kwa masanasana, koma ili ndi pochokera, ndipo munthu wa kunyanja sayenera kuvutika kuimvetsa. Inshuwalansi inakulira pa zombo. Ku London, amalonda ndi eni zombo ankasonkhana m'nyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd cha m'ma 1688, ndipo m'kupita kwa zaka mapangano awo anayamba kunena poyera kuti zowonongeka zing'onozing'ono za katundu wina sizilipiridwa. Chombo chilichonse chimafika padoko chili ndi kena kake konyowa kapena kosweka. Kutumiza munthu kukawerenga thumba lililonse kukanadya ndalama zoposa thumbalo. Msodzi wa ku Messumba amachita zomwezo popanda pepala. Bwato likang'aluka pang'ono amamata yekha ndi phula ndi kachitini, saitana mudzi. Mudzi amauitana mwera ukameza injini kapena chilimira chonse. Chinanso, mwini galimoto akadziwa kuti ndalama zoyamba zituluka m'thumba mwake, amayang'ana kawiri asanabwerere chammbuyo.

Pamwamba pa franquia pali bónus, kuchotseredwa mtengo kumene makampani ambiri amapereka kwa munthu amene watha chaka osapempha kanthu. Ngozi ikakhala yoti wolakwa ndi wina, kampani yanu ili ndi poti ikabwezere ndalama zake. Koma mtengo wa mango ulibe seguro. Wolakwa ndinu, palibe wina wokamulipiritsa, ndipo pangano likamadzakonzedwanso chaka chamawa zimenezi zidzaoneka pa mtengo.

Ndinawauza alamu kuti titenge pensulo. Manambala awa ndi ongoyerekeza, aliyense aikepo ake. Tinene kuti galaja yovomerezeka yati ntchito yonse ndi 45,000 meticais, ndipo franquia yanu ndi 20,000. Kampani ilipira 25,000. Ngati kutaya bónus kukukwezerani mtengo ndi 6,000 pachaka kwa zaka ziwiri, ndiye kuti mwa 25,000 zija mudzabweza 12,000 pang'onopang'ono osazindikira. Phindu lenileni latsala 13,000. Munthu wokhala ku Maputo kapena ku Nampula, amene galaja ili kuseri kwa ofesi yake, akhoza kunena kuti 13,000 si masewera, ndipo sanalakwe.

Koma ku Lunho kuli franquia yachiwiri imene palibe pangano linailemba, ndiyo msewu. Kuti galimoto ifike pamene perito ndi galaja zili, iyenera kutsata msewu wadothi wochokera ku Cobué mpaka pa Metangula, kenaka n'kukwera phiri kudzera pa Maniamba, makilomita oposa 100, kuchoka m'mbali mwa nyanja pamene sipafika mamita 500 kutalika kwake mpaka ku Lichinga kumene kumapitirira mamita 1,300. Dizilo wa ulendowo ndi wanu. Pogona ndi panu, ndipo amene anagonapo ku Lichinga mwezi wa June opanda bulangete akudziwa kuti si malo odikirirapo siginecha ya munthu. Chipangizo chikasowa m'sitolo za kumeneko chimaitanitsidwa ku Nampula, makilomita oposa 600. Masiku onsewo galimoto ili chiimire, usipa uli pa thandala, ndipo amayi ogula nsomba amene ankadalira Hilux ya alamu apeza kale galimoto ina. Kasitomala wa katundu sadikira. Akazolowera dalaivala wina kumubweza n'kovuta. Mukachotsa maulendo atatu kapena anayi pa 13,000 zija, pensulo imayamba kulemba ngongole. Walira mvula walira matope.

Kutalika kumeneku si kwa dzulo. Dziko litalandira ufulu, boma linaphatikiza makampani a inshuwalansi a nthawi ya Apwitikizi n'kupanga EMOSE mu 1977, ndipo inali yokhayo mpaka msika unatsegulidwa mu 1991. Kuyambira pamenepo kwabwera ena monga Ímpar, Hollard ndi Global Alliance. Makampani achuluka, koma onse amakhala kumene kuli magalimoto ambiri, ndipo mapangano awo amalembedwa poganizira munthu wa mumzinda.

Nanga bate-chapa, mmisiri wowongola zitsulo za galimoto? Ubwino wake ndi woonekeratu. Ali pafupi, amakudziwani, mtengo mumakambirana pansi pa mthunzi, ndipo mukhoza kumupatsa theka lero pa M-Pesa kapena e-Mola, theka lina xitique chanu, chipereganyu chija, chikakwana. Amatenthetsa chitsulo ndi moto wa gasi, amachimenya ndi nyundo kuchokera mkati, amapaka poti m'malo otsala, amapala, amapopera penti. Nyali amakupezerani pa galimoto ina yakufa. Masiku atatu mwabwerera pamsewu, ndipo kawirikawiri ndalama yonse imene mwatulutsa siifika ngakhale pa franquia ija.

Apa m'pamene ndimasiyana pang'ono ndi anzanga amene amati bate-chapa ndiye yankho la zonse. Mmisiri waulesi samenya chitsulo mokwanira, amangodzaza dzenje ndi poti wochindikala ngati nsima. Pa tala wa mumzinda poti wotere akhoza kukhala zaka. Pa mabampu a msewu wa ku Cobué amang'aluka m'miyezi yochepa, madzi a mvula ya Januwale amalowa m'ming'alu, ndipo dzimbiri limadya chitsulo kunsi kwa penti wonyezimira. Mukadzazindikira, chitseko chaboola. Ntchito ikalephereka chonchi mulibe pepala lokadandaulira. Ndiponso tsiku limene mudzachite ngozi yeniyeni, perito adzagogoda pamalo omwewo, adzamva kuti pali poti, ndipo adzalemba kuti kuwonongekako n'kwakale. Wogula galimoto wochenjera amachitanso zomwezo ndi kamaginito: pamene sikakukakamira, mtengo umatsika.

Choopsa kwambiri ndi chimene diso silikuona. Chitsulo cha kunja ndi chovala chabe. Ngati kugundako kwafika pa chesisi, galimoto imayamba kuyenda chokhota ngati nkhanu ndipo matayala amadyeka mbali imodzi. Ngati kwakhudza rediyeta, mikono ya mawilo, galasi lakutsogolo kapena matumba a mpweya oteteza dalaivala, nyundo ilibe chonenapo, ndipo mtengo umakwera kufika pamene franquia imaoneka ngati chenji. Pamenepo kuopa kutaya bónus n'kupusa kwenikweni. Ndawaonapo anthu amene alipira inshuwalansi zaka zambiri, galimoto n'kugwera mu ngalande, iwo n'kugulitsa ng'ombe kuti akonzetse, kuopa kuti mtengo ukwera chaka chamawa. Ndiye ankalipiriranji? Masiku odikira ndi msewu wa ku Lichinga zimapweteka chimodzimodzi kaya ntchito ndi ya 45,000 kapena ya 400,000, koma pa ntchito yaikuluyo ululuwo uli ndi malipiro. Kampani ikazengereza kapena kukana popanda chifukwa, pali bungwe la boma loyang'anira makampaniwa limene limalandira madandaulo.

Palinso nthawi zimene munthu alibe ufulu wosankha. Ngati pakhudzidwa munthu wina kapena katundu wake, ngakhale njinga, uzani kampani, chifukwa amene lero wati "palibe kanthu, bambo" akhoza kudzabwera mwezi wamawa ndi kalata ya kuchipatala. Dalaivala wa galimoto ya mpingo, ya bungwe kapena ya boma amene wakonzetsa mobisa wadziikira msampha. Tsiku loti zidziwike, mlandu sukhalanso wa chitseko. Ndipo amene ali ndi ngongole ngati alamu awerenge zimene banki inalemba, poti galimotoyo ndi chikole. Awerengenso ntchito imene anauza kampani kuti galimoto imagwira. Ngati pepala likuti ndi yoyendera banja koma ngozi yachitika itasenza matumba a malonda, kalata yopempha malipiro ikhoza kutsegula nkhani imene sankaiyembekezera.

Mnzawo wina wa alamu, munthu wa nzeru zambiri zapabawo, anabweretsa njira yachitatu. "Achimwene, ingonenani kuti munaiimika pamsika wa ku Metangula, lole ina n'kuigunda n'kuthawa." Nzeru imeneyi ndi yakale ndipo ma perito anaimva kambirimbiri. Lole imasiya penti yake pamene yagunda, pa msinkhu wa bampala yake. Mtengo umasiya khungwa. Ndinaona ndekha timakungwa ta mango titakanirira m'mphepete mwa nyali yoswekayo. Bodza likagwidwa kampani ili ndi ufulu wokana kulipira ndi kuthetsa pangano, ndipo nkhaniyo ikhoza kufika kupolisi. Ngakhale litapanda kugwidwa, lole yothawa ilibe dzina, kampani ilibe wokamulipiritsa, ndipo franquia mumalipirabe. Munthu wanama n'kupindula chiyani?

Alamu anachita chonchi. Anajambula galimoto mbali zonse ndi foni, mtengo womwe, asanaisunthe. Anaimbira wothandizira wa kampani yawo ku Lichinga, namuuza zoona, nafunsa zinthu zitatu: franquia yawo ndi zingati, bónus ikhudzidwa bwanji akapempha malipiro, ndiponso ngati n'kotheka kulembetsa kuti ngozi inachitika koma osapempha kanthu. Kenaka anapita ndi galimoto kwa makaniko kuti alowe pansi, ayang'ane chesisi ndi masipuling'i. Zonse zinali zowongoka. Chomwe chinavulala ndi chovala chokha. Atamva zimenezo anapita kwa bate-chapa, koma anakhala pomwepo tsiku lonse loyamba kuonetsetsa kuti nyundo yagwira ntchito poti asanatsegulidwe, ndiponso kuti chitsulo chapakidwa mankhwala a dzimbiri mkati ndi kunja.

Galimoto inabwerera pamsewu Lachisanu. Dzuwa likamalowa kutsidya, kuwala kukagunda chitsekocho chammbali, mumaona kuti kuyera kwake n'kosiyana pang'ono ndi kwa galimoto yonse, ndipo nyali yakumanzere ndi yofiira kwambiri kuposa inzake. Alamu anafuna kudula mtengo uja, koma achemwali anga anakaniratu, ati mango ake ndi amene ana amadya mwezi wa Disembala. Masiku ano Hilux imagona itayang'ana kumsewu, ndipo katundu amapakira ili chomwecho.