Wakuba wa pa Foni

Takolola soya. Tagulitsa mbatatesi pa msika wa ku Ulónguè. Masiku ano ogula ena satipatsa ndalama pamanja. Amatitumizira pa foni, ku M-Pesa kapena ku e-Mola.

Akuba nawonso amaidziwa nyengo yokolola. Foni ikulira. Munthu akulankhula mwaulemu: "Bambo, ndine wa ku kampani. Foni yanu ili ndi vuto, ndalama zanu zitayika. Tandiuzani PIN yanu, ndikonze msangamsanga."

Limeneli ndi bodza, anzathu! PIN ndi nambala yathu yachinsinsi. Ili ngati kiyi wa sitolo ya koperativa. Wantchito weniweni wa kampani safunsa PIN. Wakuba amatifulumizitsa dala kuti tisaganize.

Nanga tichite chiyani?

Tidule foni pompo. Tisamuuze nambala imene yabwera pa meseji. Ngati tikukayika, tipite tokha ku ofesi ya kampani. Ngati tatchula kale PIN, tiisinthe nthawi yomweyo, kenaka tikanene ku polisi. Tisachite manyazi. Tifotokoze pa msonkhano wa koperativa kuti wina asaberedwenso.

Tsopano tikudziwa kuwerenga. Tiziwerenga meseji yonse tisanadine batani. Ndalama zimenezi ndi thukuta lathu.