Chipatala cha pa foni chimene chinabadwira ku Balaka

Mwana akatentha thupi ku Makanjira kapena m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Salima, mayi amakhala ndi funso limodzi: tinyamuke lero, kapena tione kaye? Chipatala chili kutali, kabaza amafuna ndalama, ndipo malungo sadikira kuti usipa ugulidwe.

Funso limeneli ndilo linabala Chipatala Cha Pa Foni, ntchito imene inayamba mu 2011 m'boma la Balaka, pa mgwirizano wa bungwe la VillageReach ndi Unduna wa Zaumoyo. Poyamba inkathandiza amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Munthu ankaimba mwaulere n'kulankhula ndi wophunzitsidwa zaumoyo, amene ankamulangiza zochita pakhomo kapena kumuuza kuti athamangire kuchipatala. Amayi olembetsa ankalandiranso mauthenga owakumbutsa za sikelo ndi katemera, ndipo wosadziwa kuwerenga ankangomvera mawu.

Chimene chatikopa ife ndi mmene katunduyu anagawidwira. M'maiko osauka, ntchito zambiri za umoyo wa pa foni zimafa tsiku limene ndalama za mabungwe akunja zatha; chimatsala ndi chikwangwani chokha. Kuno bungwe linayambitsa ndi kuyesa njirayo, kampani ya Airtel inasenza mtengo wa mafoni oimbidwa pa nambala ya 54747, ndipo boma linavomera kudzatenga ntchito yonse m'manja mwake. Pofika mu 2018 inali itafalikira dziko lonse, ikuyankha za matenda a anthu amisinkhu yonse. Mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, Amalawi anapeza khomo lofunsirapo lili lotsegula kale. Ku South Africa nako boma linakhazikitsa MomConnect mu 2014, yotumiza mauthenga kwa amayi oyembekezera.

Komabe pali vuto limene mgwirizano wa ku Lilongwe sungalithetse. M'mabanja athu ambiri foni ndi imodzi, ndipo imakhala m'thumba mwa bambo. Iwo akapita kunyanja, kapena akakhala ku Joni, mayi amatsala ndi mwana wodwala popanda choimbira. Kwina foni ilipo, koma moto unatha dzana.

Tikumbukirenso kuti wa pa foni sayeza magazi. Mwana akayamba kukomoka kapena kukana kuyamwa, mayi woyembekezera akaona magazi, ulendo wa kuchipatala uyambike nthawi yomweyo, foniyo muziimba muli m'njira.