Kuthamanga pansi pa mitengo yomwa nkhungu

Wowerenga wina anandifunsa chifukwa chimene anthu othamanga m'nkhalango za redwood kumpoto kwa California amavalira majuzi m'nyengo yotentha. Nanenso zinkandizunguza mutu, chifukwa kumeneko mvula imasowa kuyambira Juni mpaka Seputembala, koma njira zake zimakhala zonyowa.

Chinsinsi chili m'nyanja ya Pacific. Madzi ake ndi ozizira kwambiri, ndipo mphepo yachinyezi ikadutsa pamwamba pake imasanduka nkhungu yozizira, yofanana ndi chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje. Nkhunguyo ikalowa m'nkhalango, masamba amaikola, madzi n'kumadonthera pansi. N'chifukwa chake mitengoyi imamera kufupi ndi gombe basi. Wautali kuposa yonse, Hyperion, umapitirira mamita 115.

Wothamanga amapindula ndi mitengoyi. Masamba othothoka amaunjikana n'kufewetsa njira, choncho maondo sapweteka msanga. Ku Prairie Creek Redwoods State Park, njira ya James Irvine imatsika m'nkhalango mpaka ku Fern Canyon ndi gombe la Gold Bluffs. Pagombepo odziwa amadikira madzi aphwe, n'kuthamanga pamchenga wonyowa umene ndi wolimba, maso ali kunyanja, pakuti mafunde ena amabwera modzidzimutsa.

Chinanso chofunika ndi mizu. Mitengo ikuluikuluyi ilibe muzu wozama. Mizu yake imayanza pafupi ndi pamwamba pa nthaka, n'kulukana ndi ya inzake. Kuponda paliponse kumalimbitsa nthaka ndi kuvulaza mizuyo. Mukadzafika kumeneko, owerenga anga, thamangani m'njira yolambulidwa, osadulira patchire.