Mlandu wa Makina Opumira

Munthu akadwala mwakayakaya, achibale amakhala pakhonde la chipatala kudikira mawu a dokotala. Koma ku America zinachitikapo kuti banja linakadikira mawu otere kubwalo la milandu.

Mu April 1975, Karen Ann Quinlan, mtsikana wa zaka 21 wa ku New Jersey, anakomoka nasiya kupuma kwa kanthawi. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi zochepa chabe umawonongeka, ndipo supola monga chimachitira chilonda cha pakhungu. Madokotala anamuika pa makina okankhira mpweya m'mapapo, namamudyetsa kupyolera m'kapaipi ka m'mphuno. Maso ankatsegula, ziwalo nthawi zina zinkagwedezeka, koma sankazindikira ngakhale amayi ake. Apa ndiye pamene pamapweteka abale, chifukwa wodwala wotere amaoneka ngati adzuka mawa.

Itapita miyezi, makolo ake, amene anali Akatolika, anakambirana ndi wansembe wawo, napempha kuti makinawo achotsedwe. Madokotala anakana poopa kuimbidwa mlandu wa kupha munthu. Bambo Joseph Quinlan anakadandaula kubwalo. Bwalo loyamba linawakanira, koma pa 31 March 1976 bwalo lalikulu la New Jersey linagamula kuti Karen anali ndi ufulu wokana chithandizo, ndipo popeza sakanatha kudzilankhulira, amulankhulire bambo ake, malinga madokotala ndi komiti ya chipatala atatsimikiza kuti chiyembekezo chotsitsimuka palibe.

Makina anachotsedwa pang'onopang'ono, ndipo Karen anapitiriza kupuma yekha. Makolo ake sanapemphe kuti chakudya chilekeke. Anagona chikomokere zaka zina 9, namwalira ndi chibayo mu June 1985.

Banja la Quinlan linali ndi mawu amodzi. Kwa Terri Schiavo wa ku Florida, amene anakomoka mu 1990, kunali kukokana. Mwamuna wake ankati mkaziyo ananenapo kuti sangafune kusungidwa motero, pamene makolo ankati mwana wawo akuwazindikira ndipo adyetsedwebe. Mwini wake sanasiye kalata iliyonse yonena zofuna zake, choncho oweruza anadalira mboni. Mlandu unayenda m'mabwalo zaka 7, mpaka nyumba ya malamulo ndi Pulezidenti George W. Bush analowererapo. Kapaipi ka chakudya kanachotsedwa pa 18 March 2005, ndipo Terri anamwalira patapita masiku 13, mwamuna ndi apongozi ake ali osamwerana madzi.